GOVAN MBEKI: MKONZI WA NYUZIPEPALA AMENE ANACHERA KHUTU KUMIDZI

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa maphunziro a ndale wa mamembala a Cipani a m'mabranci a kumidzi



Ndapemphedwa kuti lero ndikambe za moyo wa munthu mmodzi wa ku South Africa, malemu a Govan Mbeki. Ambiri a inu dzina la Mbeki mulidziwa cifukwa ca mwana wao, a Thabo Mbeki, amene anakhala zaka zambiri mu Lusaka pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, ndipo pambuyo pake anakhala Pulezidenti wa South Africa kucokera mu 1999 kufikira mu 2008. Koma ine ndabwera kudzakamba za atate ake. Iwo anali mphunzitsi, anali mwini sitolo ya kumudzi, anali mkonzi wa nyuzipepala, anali membala wa African National Congress ndiponso wa Cipani ca Makomyunisiti, ndipo anagona m'ndende zaka 24. Cimene ndawasankhira ndi ici: pa nthawi imene atsogoleri ambiri ophunzira anali kuyesa kuti ndale ndi nkhani ya m'tauni, a Mbeki anaumirira kunena kuti munthu wa khasu ali ndi maganizo ake pa za dziko, ndipo kuti cipani cimene sicimva munthu ameneyo ciyenda ndi mwendo umodzi.

A Govan Mbeki anabadwa pa 9 July, 1910, m'boma la Nqamakwe, ku cigawo ca Transkei, kwao kwa anthu olankhula Cixhosa. Cimeneco ndico caka cimene Angelezi ndi Mabunu anagwirizana kupanga dziko limodzi lochedwa Union of South Africa, atapangana pa msonkhano umene panalibe munthu wakuda ngakhale mmodzi. Atate ao anali nyakwawa, munthu wa minda ndi ng'ombe, Mkristu wa mpingo wa Methodist. Dzina lakuti Govan linatengedwa kwa mmishonale wa ku Scotland amene anayambitsa sukulu ya Lovedale. Motero mwanayu sanabadwire mu umphawi, ndipo ife sitiyenera kumnamizira umphawi kuti nkhani ikome. Umphawi anauona ndi maso mwa anansi ake, ndipo anafuna kudziwa kumene unacokera.

Kumene unacokera ndi uku. Mu 1913, mwanayo ali ndi zaka zitatu, nyumba ya malamulo ya azungu inakhazikitsa lamulo la malo lochedwa Natives Land Act. Lamulo limeneli linapatula malo a anthu akuda, ndipo pa maekala 100 aliwonse a dziko lonse iwo anasiyiridwa maekala pafupi-fupi 7 cabe. Mu 1936 boma linalonjeza kuonjezerako kufikira maekala 13 pa 100. Otsalawo anali a azungu, amene anali ocepa kwambiri pa ciwerengero. Akulu-akulu a kuno kum'mawa sindiyenera kuwamasulira mau akuti rizevu, cifukwa makolo athu omwe anasunthidwa pa nthaka yabwino yozungulira Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, m'masiku a kampani ya North Charterland. Ku Transkei zinthu zinafika poipa kuposa pamenepo. Anthu anapanikizana, nthaka inaguga, msipu unatha, koma msonkho unali kufunika caka ndi caka. Mwamuna analibe njira ina koma kulembetsa ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, kusiya mkazi, ana ndi nkhalamba pa munda wosabala.

Mnyamatayo anaphunzira pa sukulu ya mishoni ya Healdtown, ndipo kucokera pamenepo anapita ku koleji ya Fort Hare, kumene anatsiriza maphunziro ake mu 1936. Ali pa kolejipo, mu 1933, kunafika mzungu wina dzina lake Eddie Roux, membala wa Cipani ca Makomyunisiti, amene anamanga hema pafupi ndi sukulu nayamba kukambirana ndi ophunzira ndi kuwapatsa timabuku. A Roux nawonso anali munthu wa nyuzipepala, anagwirapo nchito ya ukonzi pa nyuzi ya cipani cao yochedwa Umsebenzi, ndiko kuti Wanchito. Kucokera nthawi imeneyo a Mbeki anayamba kuwerenga zolemba za Karl Marx ndi Lenin. Mu 1935 analowa African National Congress.

Pano ndiime pang'ono, cifukwa mau akuti Cikomyunizimu ambiri timangowamva, ena mwa mantha, ena mwa kutengeka. Mutu wa ciphunzitso cimeneci ndi wakuti cuma ca dziko cipangidwa ndi manja a anchito ndi alimi, koma cidyedwa ndi eni migodi, eni mafakitale ndi eni mapulazi. Ndipo kuti mtendere weni-weni sungadze kufikira zinthu zopangira cuma zitakhala m'manja mwa anthu onse. Ciphunzitso ca Umunthu cimene a Kenneth Kaunda anaphunzitsa m'Zambia muno cinasiyana naco pa zinthu zina zazikulu, maka-maka pa kuika Mulungu patsogolo. Koma pa kudana ndi kudyerana masuku pamutu ziphunzitso ziwirizi zinakumana, ndipo ku South Africa Makomyunisiti anali pakati pa azungu oyamba kukhala pa mpando umodzi ndi munthu wakuda monga anzake. Ici ndico cinakopa anyamata ambiri a mbadwo wa a Mbeki.

Nchito yao yoyamba inali ya uphunzitsi, ku Natal ndi ku Transkei. Sanakhalitse, cifukwa akulu a masukulu sanakondwere ndi mphunzitsi amene madzulo anali kusonkhanitsa anchito. Ku Durban anakumana ndi mphunzitsi mnzao, amai Epainette Moerane, amene analowa Cipani ca Makomyunisiti mwamuna wao asanalowe. Anakwatirana mu 1940, ndipo m'malo mokhala m'tauni monga anali kucitira ophunzira anzao, anapita kukakhala pa mudzi wa Mbewuleni, m'boma la Idutywa, natsegula sitolo. Pamenepo ndipo panabadwira ana ao anai: Linda, Thabo, Moeletsi ndi Jama.

Sitolo ya kumudzi muidziwa nonse. Ndi pamene pafikira makalata, ndi pamene pamvekera nkhani, ndi pamene munthu abwera kudzapempha ngongole ya mcere ndi palafini. Anthu ambiri a ku Mbewuleni sanali kudziwa kuwerenga, motero makalata ocokera ku migodi anali kuwerengedwa pa sitolo ya a Mbeki, ndipo mayankho anali kulembedwa pomwepo; ngakhale ana a m'nyumbamo, atangodziwa zilembo, anali kuthandiza nchito imeneyi. Tangoganizani zimene munthu amva akamawerengera mudzi wonse makalata. Amva za ng'ombe imene yafa, za mwana amene wadwala, za ndalama imene sinafike, za mwamuna amene wabwerako ndi cifuwa ca ku mgodi kudzafera pakhomo. Pa kuona kwanga, sukulu yeni-yeni ya a Mbeki inali pa thebulo la sitolo imeneyo. Fort Hare inangowapatsa mau ofotokozera zimene anamva kumeneko.

Ndipo anafotokoza. Kucokera mu 1938 kufikira mu 1944 anali mkonzi wa nyuzipepala imene poyamba inali kuchedwa Territorial Magazine, ndipo pambuyo pake inasinthidwa dzina nikhala Inkundla ya Bantu. Inkundla ndi bwalo, monga bwalo la mfumu pamene milandu ikambidwa poyera. Nyuziyi eni ake anali anthu akuda, cinthu cosowa m'masiku amenewo, pakuti manyuzipepala ambiri olembedwera anthu akuda anali m'manja mwa makampani a azungu. Mu 1939 anatulutsa kabuku kochedwa Transkei in the Making. Mfundo imene anagwira m'zolemba zao, ndipo sanaitaye kufikira imfa, inali yakuti umphawi wa ku marizevu sunali ngozi kapena ulesi. Unali wopangidwa dala. Mwini mgodi anali kulipira mwamuna malipiro a munthu mmodzi wosakwatira, ponena kuti mkazi ndi ana adzadya za kumunda. Koma mundawo unacepetsedwa ndi lamulo kotero kuti sukanadyetsa banja, kuti mwamunayo asaleke kubwerera ku mgodi. Mkazi wolima ku Transkei anali kugwirira nchito mwini mgodi popanda kulandira ngakhale kobiri.

Anayesanso njira zimene boma linalola. Mu 1943 anasankhidwa kuimira Idutywa m'bungwe la upo la Transkei lochedwa Bunga. Anapeza kuti m'menemo mamembala anali kulankhula tsiku lonse, koma cigamulo cinali ca akulu-akulu a boma acizungu amene anali kutsogolera zokambiranazo. Sanabwererenso atatha nyengo yao. Analimbikitsa alimi kupanga makopaletivu, ndipo anayesa kumanga pamodzi timagulu tosiyana-siyana ta ku Transkei, ta aphunzitsi, ta alimi ndi ta ovota, kuti tilankhule ndi liu limodzi. Zambiri mwa izi sizinapite patali. Tinene zoona: m'zaka za m'ma 1940 atsogoleri a Congress ku Johannesburg sanali kulabadira kweni-kweni za kumidzi, ndipo a Mbeki anali ngati munthu woitana kutsidya la mtsinje wodzala.

Pa nthawi imeneyi boma linabweretsa cimene linacha cikonzero cotukula marizevu. Dzina linali lokoma, koma m'kati mwake munali kupungula ziweto mokakamiza, kuchinga msipu ndi waya, ndi kusamutsa mabanja pa mabwinja a makolo ao kupita ku midzi yoikidwa m'mizere. Inu mudziwa cimene ng'ombe ili kwa munthu wa kumudzi: ndiyo banki, ndiyo khasu, ndiyo cuma ca ukwati. Boma linati ng'ombe zaculuka. Anthu anayankha kuti ng'ombe sizinaculuke, koma malo ndiwo anacepa. Mu 1948 cipani ca Mabunu ca National Party cinatenga boma niciyambitsa tsankho la apartheid monga lamulo la dziko. Mu 1951 cinakhazikitsa lamulo la Bantu Authorities, limene linasandutsa mafumu kukhala anchito a boma, okhometsa msonkho ndi okakamiza anthu kulandira cikonzero cija. Mfumu yokana inali kucotsedwa pa mpando ndi kupitikitsidwira kutali. Mafumu athu amene muli pano, mudziwa kuti mfumu ndi mfumu cifukwa ca anthu. Lamulo limeneli linafuna mfumu yoopa boma kuposa kuopa bwalo lake.

Mu 1950 Cipani ca Makomyunisiti cinaletsedwa, ndipo mu 1953 cinadzukanso mwakabisira. M'zaka zimenezi sitolo ya ku Mbewuleni inalowa pansi, ndipo a Mbeki anabwerera ku uphunzitsi ku Ladysmith, m'cigawo ca Natal, kumene anacotsedwanso nchito cifukwa ca ndale. Apa ndipo anaitanidwa, capakati pa zaka za m'ma 1950, kukayang'anira ofesi ya nyuzipepala ya New Age mu mzinda wa Port Elizabeth, umene kuyambira mu 2021 uchedwa Gqeberha.

Mbiri ya nyuzipepala imeneyi iyenera kumveka. Inayamba mu 1937 ku Cape Town ndi dzina lakuti The Guardian. Boma litailetsa mu 1952, akonzi ake anaitulutsanso ndi dzina lina, ndipo inayenda ndi maina akuti Clarion, People's World ndi Advance. Advance italetsedwa mu 1954 panabadwa New Age, ndipo New Age italetsedwa mu 1962 panabwera Spark, imene inazima mu 1963 pamene boma linaleka kuletsa maina niliyamba kuletsa anthu eni akewo kulemba kanthu kalikonse. Ku Cape Town kunali a Brian Bunting, ku Johannesburg amai Ruth First, ku Durban a M.P. Naicker, ndipo ku Port Elizabeth a Govan Mbeki: azungu awiri, Mmwenye ndi munthu wakuda, pa nyuzi imodzi, m'dziko limene lamulo linati anthu otere asakhalire pamodzi. Makampani akulu sanali kulengeza malonda ao m'menemo. Inali kuyenda ndi zopereka za owerenga ndi miyendo ya ogulitsa amene kawiri-kawiri anali kugwidwa ndi apolisi.

Ofesi ya a Mbeki inasanduka bwalo. Anchito a pa doko, amai a m'makomboni a New Brighton, ndi alimi ocokera ku Transkei ndi ku Ciskei anali kufika kudzanena zimene zawagwera. Mkonzi anali kulemba, kufunsa, kutuma munthu kukaona, ndipo sabata yotsatira nkhani ya mudzi wosadziwika inali kuwerengedwa ku Cape Town ndi ku Johannesburg. Apa pali cinthu cimene ndifuna ticigwire. Ambiri tiyesa kuti nchito ya nyuzipepala ya cipani, kapena ya mlembi wa branci, ndiyo kutsitsa mau ocokera kumwamba. A Mbeki anaitembenuza. Kwa iwo nchito yoyamba inali kukweza mau ocokera pansi, kuti atsogoleri a m'tauni adziwe zimene mlimi alikunena, ndiponso kuti mlimi wa boma lina adziwe kuti bvuto lake lagweranso mnzake wa kutsidya la phiri. Munthu amene ayesa kuti abvutika yekha amangodandaula. Akadziwa kuti ali ambiri, ayamba kufunsa cocita.

Usiku mkonziyo anali mphunzitsi wa ndale. Boma litaletsa misonkhano ya anthu akuda oposa 10 mu mzindawo, iwo pamodzi ndi a Raymond Mhlaba, a Vuyisile Mini ndi ena anagawa makomboni m'timagulu ta mseu ndi mseu, nyumba ndi nyumba, kotero kuti uthenga unali kuzungulira mzinda wonse popanda msonkhano wa pabwalo. Port Elizabeth anachuka monga linga lolimba la Congress. A Mini, mtsogoleri wa anchito, ananyongedwa ndi boma mu November 1964.

Zimene a Mbeki ananena kwa zaka 20 zinaonekera poyera pamene midzi inayamba kuuka yokha, popanda kuyembekeza lamulo locokera ku likulu la cipani ciliconse. Ku Witzieshoek anthu anakana kupungula ng'ombe mu 1950. Ku Zeerust amai anatentha mapasi mu 1957. Ku Sekhukhuneland anthu anaukira mafumu oikidwa ndi boma mu 1958. Koma kuukira kwakukulu kunacitika ku Pondoland, kum'mawa kwa Transkei, mu 1960. Amampondo analeka kupita ku mabwalo a mafumu a boma nayamba kusonkhana pa mapiri, ndipo gulu lao linachedwa Intaba, ndiko kuti Phiri. Anakhazikitsa makhoti ao-ao, anakana kukhoma msonkho, ndipo analeka kugula m'masitolo a azungu a m'tauni ya Bizana. Pa 6 June, 1960, apolisi anaombera anthu osonkhana pa phiri la Ngquza napha anthu 11. Kumapeto kwa caka boma linalengeza lamulo la padera lochedwa Proclamation 400, linatumiza asilikali, linamanga anthu zikwi, ndipo ena anaweruzidwa kuti anyongedwe.

Caka cimeneco a Mbeki eni ake anakhala m'ndende miyezi isanu popanda mlandu, cifukwa apolisi atapha anthu 69 ku Sharpeville pa 21 March boma linagwira atsogoleri m'dziko lonse ndi kuletsa Congress. Atatuluka anafuna-funa njira zokumanira ndi atsogoleri a Intaba, ngakhale kuti dera lonse linali lotsekedwa kwa atola-nkhani, ndipo New Age inafalitsa zimene boma linafuna kubisa. Anthu a pa phiri anafunsa funso limene Congress inali isanaliyankhe: popeza boma labwera ndi mfuti, ife tidziteteze ndi ciani? Pa 16 December, 1961, gulu lankhondo la Umkhonto we Sizwe linayamba nchito yake, ndipo a Mbeki anali mmodzi wa atsogoleri ake.

Mu 1962 anagwidwanso natsekeredwa okha m'cipinda kwa miyezi ingapo. M'menemo anapitiriza kulemba buku lao lalikulu la kuukira kwa alimi, ndipo posowa mapepala analemba mbali zina pa mapepala a kucimbudzi. Zolembazo zinatulutsidwa m'dziko mobisa, amai Ruth First anazikonza ali ku London, ndipo mu 1964 bukulo linasindikizidwa ndi dzina lakuti South Africa: The Peasants' Revolt. Ku South Africa linaletsedwa. M'bukumo anaonetsa kuti ufulu umene boma linali kulonjeza Transkei unali cinyengo, njira yolanda anthu akuda umbadwa wa dziko lonse ndi kuwapatsa m'malo mwake kacidutswa ka nthaka yoguga. Zaka zinawacitira umboni. Transkei inapatsidwa ufulu wa dzina mu 1976 pansi pa a Kaiser Matanzima, koma palibe dziko lina limene linaubvomereza kupatula South Africa yemweyo, ndipo mu 1994 cigawoco cinabwerera m'dziko limodzi. Amai First sanaone tsikulo: anaphedwa ku Maputo pa 17 August, 1982, ndi bomba lotumizidwa m'kalata ndi apolisi a boma la tsankho.

Bukulo potuluka, mwini wake anali kale m'manja mwa adani. Atalamulidwa kuti asacoke panyumba, a Mbeki anasankha kubisala, ndipo anakhala pa pulazi ya Liliesleaf ku Rivonia, pafupi ndi Johannesburg, atabvala ngati wanchito wa pa pulazi. Pa 11 July, 1963, apolisi anazinga malowo nagwira iwo pamodzi ndi a Walter Sisulu, a Mhlaba, a Ahmed Kathrada ndi ena. Anapezanso cikalata cochedwa Operation Mayibuye, cofotokoza za nkhondo ya zigawenga yoyambira kumidzi, cimene a Mbeki anali mmodzi wa ocilemba. M'khoti sanakane kuti anali wa Congress, wa Umkhonto ndi wa Cipani ca Makomyunisiti, koma anakana kuchula maina a anzao. Pa 12 June, 1964, anthu 8, pamodzi ndi a Nelson Mandela, anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wao wonse. Panapita miyezi inai yokha, ndipo pa 24 October Zambia analandira ufulu wake. Ife tikukweza mbendera, iwo anali kuphwanya miyala pa cisumbu ca Robben Island, ali ndi zaka 54.

Pa cisumbupo sanaleke kuphunzira ndi kuphunzitsa. Anatenga digiri ina ya za cuma mwa makalata, ndipo analemba maphunziro a ndale pa timapepala timene tinali kuyenda mobisa kucokera cipinda ndi cipinda, maka-maka kwa anyamata amene anadzaza ndendeyo pambuyo pa kuukira kwa ana a sukulu a ku Soweto mu 1976. Zina mwa zolembazo zinasindikizidwa mu 1991 m'buku lochedwa Learning from Robben Island. Acinyamata anali kuwacha Oom Gov, ndiko kuti amalume.

Sindinabwere kudzapaka munthu mafuta. A Mbeki anali munthu wouma mutu pa zimene anakhulupirira. M'ndende momwemo anasemphana kwambiri ndi a Mandela, pa funso lakuti kaya nkoyenera kulowa m'mabungwe opangidwa ndi boma la tsankho ndi kulimbana nalo m'kati, ndiponso pa za ubale wa Congress ndi Cipani ca Makomyunisiti. A Mbeki, amene analawa Bunga, sanafune kumva za kulowamo. Mkanganowo unatenga zaka, ndipo panali nyengo imene akulu awiriwa sanali kulankhulana bwino. Cimene ndiona ine ndi cakuti ngakhale zinafika pamenepo, palibe mmodzi wa iwo amene anatuluka kukayambitsa kagulu kake, kapena kupereka mnzake kwa oyang'anira ndende.

Ndiponso mtengo wa moyo wotere sanaulipire okha. Kucokera pamene anacoka ku Mbewuleni, sitolo, minda ndi ana zinatsala m'manja mwa amai Epainette, amene anapirira ngongole ndi kusecedwa ndi apolisi kwa zaka zambiri-mbiri. Ana anabalalika. Thabo anacoka m'dziko mu 1962. Jama, mwana wotsiriza, anasowa ku Lesotho mu 1982, ndipo banja silinaone manda ake. Amai amene muli pano, mukamva mbiri ya amuna omenyera ufulu, muli ndi ufulu wofunsa kuti nanga pakhomo anatsala ndani. Pa banja ili yankho lake ndi amai Epainette. Iwo anakhalabe kumudzi ngakhale pamene mwana wao anali Pulezidenti, akuyendetsa timagulu ta amai ta nchito za manja, kufikira imfa yao mu 2014 ali ndi zaka 98.

Boma la a P.W. Botha linamasula a Mbeki pa 5 November, 1987, ali nkhalamba ya zaka 77, maso atayamba kufooka. Boma linafuna kuyesa madzi, kuona ngati lingamasule akaidi a Rivonia popanda cipolowe, ndipo mwina linayembekeza kuti zaka 24 zamfewetsa munthuyo. Tsiku lomwelo, pamaso pa atola-nkhani, iwo ananena kuti akali membala wa Congress ndi wa Cipani ca Makomyunisiti, zipani zimene pa nthawiyo zinali zoletsedwa. Pasanathe miyezi iwiri boma linawalamula kuti asatuluke mu Port Elizabeth ndipo asalankhule ndi manyuzipepala. Mkonzi anatsekedwanso pakamwa.

Apa ndipo nkhaniyi ifika kwathu. Kwa zaka zambiri likulu la Congress kunja kwa dziko lao linali mu Lusaka, pansi pa utsogoleri wa a Oliver Tambo, ndipo mau a Radio Freedom anali kuulutsidwa kucokera m'Zambia. Dziko lathu linalipira cifukwa ca kucereza alendo amenewa ndi anzao a ku Zimbabwe, Namibia, Angola ndi Mozambique: njira za malonda zinatsekedwa, ndipo mabomba anagwa pa nthaka yathu. Mu January 1990 a Govan Mbeki, a Sisulu ndi anzao ena omasulidwa anatera pa bwalo la ndeke la Lusaka, ndipo pamenepo atate ndi mwana wao Thabo anaonana maso ndi maso patapita zaka zoposa 27. Pa 2 February caka comweco Congress ndi Cipani ca Makomyunisiti zinaloledwanso, ndipo pa 11 February a Mandela anatuluka.

Pambuyo pa masankho a anthu onse a mu 1994 a Mbeki anakhala waciwiri kwa mtsogoleri wa Senate, nyumba yaciwiri ya malamulo, ndipo anapuma pa nchito za boma mu 1999. Anapitiriza kulemba, buku lao lochedwa Sunset at Midday linatuluka mu 1996. Nkhani ya malo imene anaiyamba ali mnyamata sinathe ndi masankho amenewo. Kufikira lero ikali kukambidwa mwaukali ku South Africa, ndipo madera amene kale anali Transkei akali pakati pa madera osauka kwambiri a dzikolo.

Anamwalira ku Port Elizabeth pa 30 August, 2001, ali ndi zaka 91, mwana wao ali pa mpando wa Pulezidenti. Boma likadatha kuwaika pa malo aulemu a atsogoleri, koma iwo anasiya mau akuti akaikidwe ku manda a Zwide, manda a anthu wamba a m'komboni, amene pa nthawiyo anali osasamalidwa. Akulu-akulu a boma ndi alendo ocokera ku maiko ena anayenda m'fumbi la kumeneko kukawaika.